Khosi Likapweteka: Manja a Dokotala ndi Khama la Mwini Wake

Nkhani imene takukonzerani lero ndi ya khosi, chiwalo chimene munthu sachikumbukira konse pamene chili bwino, koma chimene, tsiku loti chauma, chimamuchititsa kutembenuka thupi lonse pofuna kungoyankha moni wa mnzake amene wamudzera cham'mbali.

Tiyambe ndi kuona m'mene Namalenga analiumbira. M'kati mwa khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo chiwerengero chimenechi n'chimodzimodzi kwa khanda, kwa nkhalamba, ngakhalenso kwa kadyansonga amene amadya masamba a kunsonga kwa mitengo. Fupa loyamba, limene chigaza chakhalapo, madokotala amalitcha atlas, lachiwiri amalitcha axis, ndipo pamene munthu akupukusa mutu kukana, pafupifupi theka la kutembenukako limachitika pakati pa mafupa awiri okhawa. Pakati pa mafupa enawo pali timbale tofewa totchedwa madisiki. M'kati mwa mafupa a khosiwo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene nthambi zake zimatsikira m'mikono mpaka kuzala. Ndipo m'timabowo ta m'mbali mwa mafupawo mumakwera mitsempha iwiri yopereka magazi kumbuyo kwa ubongo. Pamwamba pa zonsezi pakhala mutu, umene mwa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo chimene chimaugwiriziza kuyambira m'mbandakucha kufikira nthawi yogona ndi minofu.

Tsono taganizirani zimene ife timaonjezera pa katundu ameneyo. Ndowa ya malita 20 yodzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndipo mayi amaisenza kuchokera kumjigo kangapo dzuwa lisanakwere. Mu 1986 akatswiri amene anayeza amayi achiluo ndi achikikuyu ku Kenya anapeza chinthu chodabwitsa, chakuti amayiwo amatha kusenza pamutu katundu wofika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuononga mphamvu zoonjezera poyenda; komatu luso limenelo limapulumutsa mpweya ndi miyendo, pamene khosi lokha limasenzabe katunduyo wathunthu. Telala amene waweramira makina ake tsiku lonse, kalaliki wa pakompyuta, woyendetsa minibasi, ndi mwana wasukulu amene maso ake sachoka pafoni, onsewa sasenza ndowa, koma amaumiriza khosi kukhala malo amodzi kwa maola ambiri. Dokotala wina wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsera mu 2014 kuti mutu ukaweramira patsogolo kwambiri khosi limamva ngati lasenza makilogalamu 27. Chiwerengero chimenechi chinatchuka padziko lonse, ndipo chinaopseza ambiri kuposa m'mene chinayenera, pakuti anangochipeza powerengetsera masamu, osati poyeza anthu odwala. Ine ndikuti kuwerama si tchimo. Khosi linalengedwa kuti liziwerama. Chimene limadana nacho ndi kukhala chiweramire osasuntha, ndiponso kupatsidwa ntchito yoposa mphamvu zimene minofu yake ili nazo.

Ambiri, khosi likawavuta, amafulumira kupempha kuti awajambule, ndipo akauzidwa kuti chithunzi chaonetsa mafupa operepeseka kapena disiki yotuluka pang'ono, amabwerera kwawo ali ndi nkhawa yoposa imene anapita nayo, nayamba kuuza abale kuti mafupa awo anatha. Mverani izi: mu 2015 ku Japan anajambula ndi makina a MRI makosi a anthu 1,211 amene sankamva kupweteka kulikonse, ndipo anapeza kuti pafupifupi anthu 88 mwa anthu 100 alionse anali ndi disiki yotuluka pang'ono, kuphatikizapo ambiri a zaka za m'ma 20. Chotero zambiri zimene chithunzi chimaonetsa ndi zizindikiro chabe za kukula, ndipo kupweteka kwa khosi kwa anthu ochuluka kumachokera m'minofu ndi m'mfundo zimene zatopa kapena zaumirira, osati m'chinthu chothyoka.

Koma tisanafike pa za machiritso, ndagwira mwendo wanu, tcherani khutu pa mawu otsatirawa, pakuti alipo makosi ena amene sayenera kukhudzidwa ndi dzanja la wotikita aliyense, ngakhale atakhala waluso chotani.

Munthu amene wagwa pa kabaza, pa ngolo, mumtengo wa mango, kapena wachita ngozi ya galimoto, ndipo akudandaula khosi, musamukoke mutu, musamukhazike tsonga, musamupinde pomulowetsa m'galimoto. Mmodzi agwire mutu wake ndi manja awiri kuti ukhale molunjika ndi thupi, ena amugoneke pa chinthu cholimba chafulati monga chitseko, ndipo apite naye kuchipatala ali chigonere. Munthu amene khosi lauma pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza, kudana ndi kuwala kapena kubwebweta, ameneyo angakhale ndi matenda oumitsa khosi, amene amapha m'maola owerengeka. Kumuthowa ndi madzi otentha kapena kumutema mphini n'kutaya nthawi imene moyo wake ukuidalira. Palinso chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chimene dokotala wa ku London, Percivall Pott, anachifotokoza mu 1779, ndipo kwathu kuno sichinathe: wodwala amaonda, amatuluka thukuta usiku, ululu wake sumupatsa mpumulo ngakhale atagona, ndipo amene ali ndi kachilombo ka HIV, kapena anadwalapo chifuwa chachikulu kapena khansa, ayenera kukhala tcheru koposa. Ngati manja ayamba kulephera kumanga mabatani, kapu ikupulumuka m'dzanja, miyendo ikuyenda dzandidzandi, kapena mkodzo ukuvuta kuugwira, ndiye kuti mtsempha waukulu uja wapanikizika. Ndipo ngati ululu wabwera mwadzidzidzi, wachilendo, pamodzi ndi chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera kapena nkhope kupotoka, kapena ngati ukuchokera pachifuwa kukwera kukhosi, kunsagwada ndi kumkono, thamangani nayeni kuchipatala, pakuti izi n'zizindikiro za sitiroko ndi za mtima. Safunsa anadya phula. Pa zizindikiro zimenezi wofunsidwa akhale wachipatala, osati mnansi.

Tabwerani tsopano kwa anthu ochuluka aja, amene alibe chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, koma khosi lawo likuwawa, laumirira, ndipo nthawi zina ululu ukukwera kunkhongo mpaka pamwamba pa diso.

Munthu wotere akafika kwa dokotala wa mafizo, poyamba amafunsidwa mafunso ambiri, nauzidwa kuti atembenuze mutu uku ndi uku, kuti dokotalayo aone pamene ukulekezera. Kenaka wodwala amagona chafufumimba, chipumi chili pa manja ake, ndipo dokotala amaika zala zake zazikulu ziwiri pa fupa limodzi la khosi, nayamba kukankha ndi kusiya, kukankha ndi kusiya, mofatsa ndithu, kotero kuti woonerera angaganize kuti palibe chimene chikuchitika. Akatero kwa kamphindi amadzutsa wodwalayo, namuuza kuti atembenukenso, ndipo kawirikawiri chibwano, chimene poyamba chinkaima pakati panjira, tsopano chimayandikira phewa. Njira imeneyi anaikonza bwino ndi Geoffrey Maitland, wa ku Adelaide m'dziko la Australia, amene buku lake loyamba linatuluka mu 1964. Iye anagawa kukankhako m'magawo anayi, kuyambira kofewa kothandiza pamene ululu uli waukulu, kufikira kozama kothandiza pamene mfundo yaumirira, ndipo chimene ankalimbikira koposa n'chakuti dokotala aziyesanso wodwala atangomugwira, kuti asamangokhulupirira manja ake popanda umboni. Madokotala ena amatikita minofu ya pamapewa, ena amagwira msana wa pakati pa mapewa, umene ukamasuka khosi nalonso limapepukidwa.

Iliponso njira ina, ya kupotoza khosi mofulumira mpaka kumveka kuti "thwa", ndipo pa imeneyi ndiyenera kulankhula mosapsatira. Anthu akamva phokosolo amakondwera, nati fupa labwerera m'malo mwake. Koma fupalo silinachoke m'malo, ndipo silinabwerere. Mu 2015 akatswiri a ku University of Alberta ku Canada anajambula chala cha munthu ndi MRI pamene chikukokedwa, naona kuti phokosolo limamveka pamene m'madzi a mu mfundo mukupangika kampata ka mpweya. Phokoso si umboni wa kuchira. Njirayi ili ndi malo ake m'manja mwa munthu wophunzira, amene wayamba wafunsa ndi kuyeza. Koma kumbukirani mitsempha iwiri ya magazi ija imene imakwera m'timabowo ta mafupa, pakuti ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri, mtsempha wotere ungang'ambike m'kati, ndipo mapeto ake ndi sitiroko mwa munthu amene anali wamphamvu. Nchifukwa chake mwambo umene ometa ena ali nawo, wogwira mutu wa kasitomala akatha kumumeta ndi kuupotoza ngati bonasi, ndi woyenera kuukana mwaulemu koma molimba. Popeza kukankha kofatsa kuja kumathandiza mofanana ndi kupotozako, palibe chifukwa choti munthu aike khosi lake pachiswe pofuna kumva phokoso.

Nanga kodi manja amenewa amathandizadi? Mu 2012 Gert Bronfort ndi anzake a ku Minnesota m'dziko la America anafalitsa zimene anapeza pa anthu 272 amene khosi linali litawavuta kwa masabata ochepa. Anawagawa patatu: ena ankagwiridwa ndi manja, ena ankamwa mankhwala, ndipo ena anangophunzitsidwa kawiri kokha, ola limodzi ulendo uliwonse, mafizo oti azikachita kunyumba. Patatha masabata 12, amene ululu wawo unatsika ndi magawo atatu mwa anayi kapena kuposa anali 57 mwa 100 alionse pakati pa ogwiridwa ndi manja, 48 pakati pa ochita mafizo kunyumba, ndi 33 okha pakati pa omwa mankhwala. Taonani tsono: manja anaposa mapiritsi, koma munthu amene anangophunzitsidwa kawiri, nakachita yekha pakhomo pake osalipira kanthu, sanatsalire kutali. Zaka khumi izi zisanachitike, mu 2002, Gwendolen Jull wa ku University of Queensland anali atayesa anthu 200 odwala mutu wochokera kukhosi, ndipo anapeza kuti manja anathandiza, mafizo anathandiza, phindu lake linakhalapobe patatha chaka, ndipo pakati pa amene analandira zonse ziwiri ochira anachulukirapo pang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Manja a dokotala ali ngati moto umene munthu amakapala kwa mnansi m'mawa pamene wake wazima: ndi moto weniweni, ndipo ndi wopusa yekha amene angaukane chifukwa cha manyazi, koma akafika nawo kunyumba wopanda nkhuni zakezake, khalalo lidzazima madzi asanawire, ndipo mawa adzapezekanso pakhomo pa mnansi yemweyo ndi phale m'manja. Alipo anthu amene atha zaka akupita kukatikitidwa mwezi ndi mwezi, napepukidwa masiku atatu, nabwereranso. Ndipo wochiritsa amene amakondwera ndi wodwala wotere, osamuphunzitsa kanthu koti akachite yekha, ameneyo akusamala thumba lake kuposa khosi la mnzake.

Umboni wa mphamvu ya mafizo ndi wochuluka. Ku Finland, Jari Ylinen ndi anzake anatenga amayi 180 ogwira ntchito za m'maofesi amene khosi linawavuta nthawi yaitali, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2003: amene ankalimbitsa minofu ya khosi ndi mapewa katatu pa sabata kwa chaka chathunthu, ena ndi lamba wa mphira, anapepukidwa kwambiri kuposa amene anangolangizidwa kudziwongola ndi kuyenda, ndipo atawaonanso patatha zaka zitatu phindulo linali lisanathe. Ku Denmark, Lars Andersen anayesa anthu 198 mu kafukufuku amene anatuluka mu 2011, ndipo anapeza chinthu chochotsa chowiringula chilichonse: amene ankakoka lamba wa mphira mphindi 2 zokha patsiku, masiku asanu pa sabata kwa masabata 10, ululu wawo unatsika pafupifupi mofanana ndi amene ankachita mphindi 12. Akuluakulu sananame pamene anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsopano ndikuphunzitseni, ndipo amene muli pamalo pabwino mungayese pamene ndikulankhula. Oyendetsa galimoto okha ayembekeze kufika.

Choyamba n'cha timinofu tating'ono tobisika kutsogolo kwa mafupa a khosi, kuseri kwa kummero, timene mwa anthu odwala khosi timafooka n'kusiyira ntchito yake minofu ikuluikulu ya kunja. Gonani chagada pamphasa, mawondo opinda, pindani chitenje kapena thaulo n'kuika pansi pa mutu. Tsekani milomo koma musalume mano. Tsono gwedezani mutu pang'ono kwambiri, monga amachitira mkulu amene akuvomera mawu pabwalo osafuna kuti onse aone, chibwano chitsikire kukhosi, maso atsike kuyang'ana kumawondo, koma mutu usanyamuke pachitenje. Ikani zala ziwiri pa minofu ija imene imatsika kuchokera kuseri kwa khutu kufika pachifuwa: ngati yaumirira, mwachita mwamphamvu kwambiri, bwererani ndi kuyambanso mofatsa. Gwirani pamenepo mukupuma bwinobwino kufikira mutawerenga mpaka 10, masulani, ndipo bwerezani kakhumi. Ambiri amanyoza fizo limeneli chifukwa silitulutsa thukuta, ndipo amathamangira zolemera. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene alichita moona amadabwa kuti pofika kachisanu khosi layamba kunjenjemera.

Chachiwiri n'chosavuta. Mutakhala tsonga, ikani chikhatho pachipumi, mutu ukankhe dzanja, dzanja likanize mutu, popanda chosuntha, mpaka mutawerenga 5. Chitaninso chimodzimodzi kumanja, kumanzere ndi kunkhongo. Yambani ndi mphamvu zochepa, muzionjezera sabata ndi sabata.

Chachitatu ndi chija cha ku Denmark, ndipo lamba wake simusowa kukamugula kutauni. Pitani kwa wokonza njinga, pemphani chubu chakale, dulani mzere wautali wa mphira, ndipo muuyang'anitsitse kuti ulibe ming'alu, kuopa kuti ungaduke n'kukumenyani m'maso. Pondani pakati pake ndi mapazi, gwirani nsonga zake m'manja, ndipo kwezani mikono m'mbali, cha kutsogolo pang'ono, kufikira italingana ndi mapewa, kenaka itsitseni pang'onopang'ono, osalola mphira kukukokani. Chitani chotero mpaka mapewa atatopa, kapena mphindi ziwiri zitakwana. Zikayamba kupepuka, fupikitsani mphirayo, pakuti mnofu umene supatsidwa katundu woonjezera suonjezeranso mphamvu. Mphira womwewo mungaumangirire pa nsanamira ya khonde kapena pamtengo, n'kumaukokera kwa inu ndi manja awiri, zigongono zikudutsa m'mbali mwa nthiti, mafupa a kumsana kwa mapewa akuyandikizana.

Masiku oyamba minofu idzawawa, monga imachitira munthu akayamba kulima atapumula chilimwe chonse, ndipo kuwawa kotero, kumene kumatha patapita tsiku limodzi kapena awiri, si chifukwa chosiyira. Koma ngati dzanzi layamba kutsikira mumkono, dzanja likufooka, kapena mwamva chizungulire, lekani ndipo kaonaneni ndi achipatala.

Pa zinthu zina zing'onozing'ono ndingodutsa mofulumira. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda kumapepuza ululu ndipo n'kwabwino musanayambe mafizo. Panado kapena Brufen angathandize masiku ochepa oyamba, koma Brufen si wa amayi oyembekezera, kapena a zilonda za m'mimba, kapena a matenda a impso. Kolala ija yovala m'khosi musaivale masabata ambiri popanda lamulo la dokotala, pakuti khosi lomangidwa limafookeratu. Pilo akhale wongokwanira kudzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa mukagona cham'mbali. Telala ndi kalaliki adzuke pakatha theka la ola, atembenuze mutu uku ndi uku, azungulitse mapewa, akhalenso pansi. Ndipo kwa amayi osenza ndinene kuti nkhata ikhale yokhuthala bwino, wina akutwikeni ndi kukutulani m'malo modzikweza nokha ndowa yodzaza, musatembenuze mutu wokha mutasenza, ndipo mwana wamng'ono asapatsidwe ndowa ya munthu wamkulu. Bambo amene ali ndi njinga kapena wilibala pakhomo, pamene mkazi wake akudandaula khosi, akudziwa yekha chimene ayenera kuchita.

Madokotala a mafizo kwathu kuno akadali ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ngakhale kuti kuyambira mu 2010 sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, yakhala ikuwaphunzitsa konkuno. Mudzawapeza m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndi m'zipatala zina za m'maboma ndi za mishoni. Popeza ambiri a inu ulendo wopita kumeneko ndi wautali ndi wodya ndalama, mukafika musatuluke m'chipindamo mwangogwiridwa chabe: pemphani akuonetseni mafizo oyenera khosi lanu, muwachite pamaso pawo kuti akukonzeni pamene mukulakwitsa, ndipo akulembereni m'buku lanu la kuchipatala kuti muzichita kangati. Mukachita mokhulupirika kwa masabata 6 koma osaona kusintha kulikonse, kapena ululu ukukulirakulira, bwererani ndi bukulo kuti akakuyezeninso.